Malamulo a ovataimu akusinthasintha ku America: kodi koleji ya kuno ku Blantyre ikukhudzidwa?

Funsoli latumizidwa ndi mayi amene amagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa koleji ina yomwe si ya boma mumzinda wa Blantyre. Alemba kuti: "Koleji yathu ikuchita kafukufuku limodzi ndi yunivesite ina ya ku America. Anzathuwo akuti bajeti yawo inasokonekera chifukwa cha kusintha kwa malamulo a ovataimu kwawoko. Antchito athu atamva ayamba kufunsa ngati nawonso akukhudzidwa. Chinasintha n'chiyani kwenikweni, nanga ife tichite chiyani, makamaka nthawi ya mayeso pomwe anthu amaweruka usiku?"

Mayi, lamulo la ku America silikufikani. Munthu amene akugwira ntchito pa nthaka ya Malawi amayendera malamulo a Malawi, ngakhale ndalama yomwe akumulipira itachokera ku Washington. Lamulo lawolo, lotchedwa Fair Labor Standards Act la 1938, limanena lokha kuti silikhudza ntchito yogwiridwa m'dziko lina. Koma musapume msanga. Lamulo lomwe limakumangani inu, Employment Act ya 2000, pa nkhani ya ovataimu silipereka mpata wina womwe mayunivesite a ku America ali nawo, ndipo antchito anu akayamba kufunsa mafunso, ndi lamulo limeneli lomwe adzakupanikizeni nalo.

Tiyambe ndi za kwawoko kuti mudziwe zomwe anzanuwo akudandaula.

Ku America wantchito akapitirira maola 40 pa sabata, ola lililonse lowonjezera amalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka. Pali gulu lina lomwe lamuloli limalisiya kunja: mabwana, oyendetsa maofesi ndi akatswiri a ntchito zofuna maphunziro apamwamba. Kuti munthu alowe m'gulu limeneli pafunika zinthu zitatu pamodzi. Azilandira malipiro okhazikika, osati owerengera maola. Ntchito yake yeniyeni ikhale ya utsogoleri kapena ya ukatswiri, osati dzina la udindo chabe. Ndipo malipiro akewo asachepere pa mzere womwe unduna wa zantchito wa dzikolo unaika. Mkangano wonse wa zaka zapitazi wakhala pa mzere umenewu.

Kuyambira 2004 mzerewu unali pa madola 455 pa sabata, omwe ndi 23,660 pa chaka. Mu 2016 boma la Barack Obama linaukweza kufika pa 47,476 pa chaka, ndipo umayenera kuyamba kugwira ntchito pa 1 Disembala chaka chomwecho. Kutatsala masiku ochepa, woweruza wina ku Texas anauimitsa. Boma la Donald Trump linabwera ndi mzere wake wa madola 684 pa sabata, kapena 35,568 pa chaka, womwe unayamba pa 1 Januwale 2020. Kenako mu 2024 boma la Joe Biden linalengeza kukweza kawiri: 43,888 kuyambira pa 1 Julaye 2024, ndi 58,656 kuyambira pa 1 Januwale 2025. Gawo loyamba linayambadi kugwira ntchito. Pa 15 Novembala 2024 woweruza winanso ku Texas komweko anathetsa lamulo lonselo, mzere n'kubwerera pa 35,568. Madera ena, monga California ndi New York, ali ndi mizere yawoyawo yokwera kuposa ya dziko lonse, choncho yunivesite iliyonse imayang'ananso komwe ili.

Mukaona zakazi mumvetsa chifukwa chake mabajeti anasokonekera. Kawiri konse mayunivesite anali atakonzeka kale khoti lisanalankhule. Makalata okweza malipiro anali atatuluka, anthu ena anali atasamutsidwa kupita m'gulu lowerengera maola, makompyuta a malipiro anali atasinthidwa. Khoti likathetsa lamulo, kumulanda munthu malipiro omwe mwamukwezera kale n'kotheka pa pepala, koma mabwana ambiri sayerekeza. Ena anabweza, ena anasiya momwemo, ndipo amene anasiyawo ndalamayo amayenera kuipeza kwina.

Chimene chimasiyanitsa yunivesite ndi fakitale kapena banki pa nkhaniyi ndi aphunzitsi. Munthu amene ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa salandira ovataimu pansi pa lamulo la ku America, kaya malipiro ake ndi ochepa bwanji. Mzere uja sumukhudza. Chimodzimodzinso madokotala, kuphatikizapo amene akuphunzira ukatswiri m'zipatala. Ophunzira a digiri yachiwiri kapena yachitatu amene akuchita kafukufuku ngati gawo la maphunziro awo nthawi zambiri amawerengedwa ngati ophunzira, osati antchito. Ndiye anthu amene aliyense amaganiza kuti ndiwo yunivesite, kusinthaku kunawadutsa.

Amene anakhudzidwa ndi anthu apakati, omwe sukulu siingayende popanda iwo. Oyamba ndi ma postdoc, anthu amene amaliza PhD ndipo akuchita kafukufuku mu labu ya pulofesa wina. Iwowa saphunzitsa, choncho mzere wa malipiro umawakhudza, koma ntchito yawo siiyendera wotchi: zoyesa za mu labu zikafuna kuonedwa 2 koloko usiku, munthu amapita. Mu 2016 bungwe la NIH, lomwe limapereka ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo, linakweza ndalama ya postdoc woyamba kumene kufika pa madola 47,484, kungodutsa mzere watsopano uja ndi madola 8. Ena okhudzidwa ndi oyang'anira mahositelo, amene amagona pasukulu pomwepo ndipo amadzutsidwa usiku. Pa iwowa pali msampha: nyumba ndi chakudya chaulere siziwerengedwa pofuna kuona ngati munthu wafika pa mzere. Palinso oyenda m'masekondale kukopa ophunzira atsopano, othandizira makochi a masewera amene ntchito yawo yambiri ndi kusaka osewera osati kuphunzitsa, ndi a maofesi a ngongole za ophunzira. Wogwira ntchito theka la tsiku naye amafunika kufika pa mzere wonse wa sabata. Saudula pakati chifukwa choti maola ake ndi ochepa.

Yunivesite imakhala ndi njira zochepa pa munthu aliyense: kumukwezera malipiro kuti adutse mzere, kumusiya pomwe ali n'kumamulipira ovataimu, kapena kumuletsa kupitirira maola 40. Kusankha kwake ndi masamu basi. Tiyerekeze postdoc wolandira madola 52,000 pa chaka amene amagwira maola 50 sabata iliyonse. Pa sabata ndi madola 1,000, pa ola ndi 25, ovataimu ndi 37.50. Maola khumi owonjezera pa sabata ndi madola 375, pa chaka 19,500. Kumukwezera kufika pa 58,656 kukanangodya 6,656. Ameneyu mumamukwezera osaganiza kawiri. Tiyerekezenso wa mu ofesi yolandira ophunzira amene amalandira 40,000 ndipo amapanikizika masabata asanu ndi atatu okha pa chaka, maola khumi owonjezera pa sabata. Ovataimu yake yonse ndi pafupifupi madola 2,300, pomwe kumukwezera kukanadya 18,656. Ameneyu mumamulipira ovataimu. Mayunivesite a boma ali ndi njira ina yachinayi, yopereka nthawi yopuma m'malo mwa ndalama, koma ola limodzi la ovataimu limabwezedwa ndi ola limodzi ndi theka, ndipo antchito ambiri sangasunge maola oposa 240.

Mavuto awiri anatsatira omwe masamu saonetsa. Mukakwezera wobwera kumene kuti adutse mzere, amafika pafupi ndi amene wakhala zaka khumi, ndipo wakaleyo amabwera ku ofesi kudzafunsa. Kukweza munthu mmodzi kumakankha mndandanda wonse. Vuto lina ndi la ulemu: munthu wa digiri amene anazolowera kulowa ndi kutuluka momwe akufunira akauzidwa kuti azilemba maola, amaona ngati watsitsidwa, ngakhale ndalama yake itakwera.

Kwa inu, zonsezi zikufikani kudzera pa bajeti ya polojekiti yokha. Ndalama ya grant, yomwe opereka thandizo amapereka kuti kafukufuku achitike, imakhala yoikika. Malipiro a postdoc wa mbali ya ku America akakwera, wamkulu wa kafukufuku amayang'ana pena poti adule, ndipo kawirikawiri amayamba ndi maulendo, zipangizo ndi gawo la ogwirizana nawo akunja. Werengani mgwirizano wanu muone ngati ndalama ya gawo lanu inalembedwa ngati yokhazikika, komanso ngati angaisinthe popanda siginecha yanu. Apa Blantyre si mlendo: kafukufuku wambiri wa malungo ndi HIV wozungulira chipatala cha Queen Elizabeth ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) wakhala akuyenda ndi ndalama zakunja kwa zaka zambiri, ndipo antchito a Chimalawi a m'mapolojekiti amenewo amalembedwa pa malamulo a kuno.

Tsopano za kwathu, komwe kuli ntchito yanu yeniyeni.

Employment Act imati maola ogwira ntchito alembedwe mu kontirakiti ya munthu, ndipo asapitirire 48 pa sabata osawerengera ovataimu. Zimenezi zili pa ndime 36. Munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Ndime 39 imagawa ovataimu patatu. Yoyamba ndi maola owonjezera pa tsiku lomwe munthu amagwira kale ntchito: amalipidwa osachepera ola limodzi ndi theka. Yachiwiri ndi ntchito ya pa tsiku lake lopuma: osachepera kawiri. Yachitatu ndi ntchito ya pa holide ya boma, monga pa 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi kapena 6 Julaye: osachepera kawirinso.

Onani chimene mulibe m'ndime imeneyi. Mulibe mzere wa malipiro ngati wa ku America. Ndondomeko za m'masukulu ambiri zimati antchito a magiredi apamwamba salandira ovataimu, ndipo anthu anazizolowera moti amaganiza kuti ndi lamulo la dziko. Zimenezo ndi ndondomeko za sukuluyo. Ngati zanu zili choncho, apatseni loya wa sukulu aziwerenge pambali pa ndime 39, makamaka pa anthu amene ali ndi dzina lalikulu la udindo koma salamula aliyense ndipo maola awo amaikidwa ndi wina. Kumutcha munthu "officer" sikusintha ntchito yomwe akugwira.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuganiza kuti ovataimu imayamba munthu akadutsa maola 48. Ayi. Maola 48 ndi malire apamwamba a maola okhazikika. Ovataimu imayamba munthu akadutsa maola omwe amagwira nthawi zonse pa malo anuwo. Ngati kontirakiti ikuti kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ola limodzi la nkhomaliro, ndiye kuti maola ake ndi 40, ndipo ola la 5 mpaka 6 madzulo ndi ovataimu kale. Kontirakiti yomweyo ndi imene imagamula za Loweruka. Kwa munthu wa masiku asanu, Loweruka ndi tsiku lopuma, choncho akabwera kudzakonza holo ya mwambo wopereka madigiri alipidwa kawiri kuyambira ola loyamba. Kwa wa masiku asanu ndi limodzi, Loweruka ndi tsiku wamba la ntchito. Anthu awiri akhoza kunyamula mipando limodzi tsiku lomwelo n'kulipidwa mosiyana, ndipo zonse zili m'malamulo. Muwafotokozere pasadakhale, chifukwa akazindikira okha pa payslip amaona ngati pali kukondera.

Tiwerengere limodzi ndi ndalama zongoyerekeza. Tekinishani wa mu labu amalandira K440,000 pa mwezi, amagwira masiku asanu pa sabata, maola 8 pa tsiku. Maofesi ambiri amawerengera masiku 22 pa mwezi, omwe ndi maola 176. K440,000 kugawa ndi 176 ndi K2,500 pa ola. Ovataimu ya mkati mwa sabata ndi K3,750, ya Loweruka, Lamulungu kapena holide ndi K5,000. Nthawi ya mayeso a mu labu, kwa masabata atatu amaweruka 7 koloko m'malo mwa 5, chifukwa gulu lomaliza likatuluka ayenera kutsuka magalasi, kusakaniza mankhwala a mawa ndi kutseka gasi. Amenewo ndi maola 30, omwe ndi K112,500. Wabweranso Loweruka kawiri, maola 6 tsiku lililonse: maola 12, K60,000. Pamodzi K172,500, pafupifupi magawo 39 pa 100 a malipiro ake a mwezi. Mukakhala ndi anthu 20 otere ndipo mayeso amachitika kawiri pa chaka, mukukamba za K6,900,000. Ndalama imeneyi iyenera kukhala ndi mzere wake mu bajeti pomwe mukukhazikitsa fizi, osati kumaisaka mayeso atatha.

Nambala yogawira ija ndi pomwe ndalama za anthu zimasowera mwakachetechete. Wa akaunti akagawa ndi masiku 26, omwe ndi a munthu wa masiku asanu ndi limodzi, ola la tekinishani uja limatsika kufika pa K2,115. Akagawa ndi masiku 30, ngati kuti munthuyo sapuma, limafika pa K1,833. Palibe amene amadandaula mwezi woyamba chifukwa palibe amene amaona. Njira yolondola kwambiri ndi kuchulukitsa malipiro a mwezi ndi 12, kugawa ndi masabata 52, kenako kugawa ndi maola a sabata. Pa chitsanzo chathuchi zimapereka K2,538. Sankhani njira imodzi yogwirizana ndi masiku enieni omwe munthu amagwira, muilembe m'ndondomeko, ndipo mugwiritse ntchito yomweyo kwa onse. Kumbukiraninso kuti malipiro akakwera, mtengo wa ola la ovataimu umakwera tsiku lomwelo. Ngati kukwezako kwabwerera m'mbuyo miyezi itatu, ovataimu ya miyezi itatuyo iwerengedwenso.

Masukulu ambiri amathawira ku alawansi yokhazikika, monga K50,000 kwa aliyense amene wathandiza pa mayeso. N'zosavuta kulemba, ndipo kwa amene anagwira maola ochepa ndi phindu. Koma kwa tekinishani wathu uja yaperewera ndi K122,500, ndipo dzina loti alawansi silifafaniza ngongoleyo. Lamulo likuti "osachepera", ndiye chilichonse chomwe mwapereka chidzayerekezedwa ndi maola omwe munthuyo anagwiradi. Ngati mukufuna kusunga alawansi, lembani kuti ikuyimira maola angati, ndipo opitirira pamenepo alipidwe padera.

Chinanso chozolowereka ndi choti "mudzapuma nthawi ya holide ya ophunzira". Ife sitiikonda njira imeneyi momwe imachitikira. Ndime 39 imakamba za kulipira. Pamwamba pa apo, masiku olonjezedwawo kawirikawiri salembedwa paliponse, ndipo holide ikafika pamabwera maphunziro afupiafupi, mayeso obwereza ndi kalembera wa atsopano, munthu osapuma. Bwana amene analonjeza akasamuka, lonjezo limapita naye. Wantchito akasankha yekha kupuma m'malo mwa ndalama, pakhale chikalata chosainirana, masikuwo alembedwe m'kaundula wa tchuthi ndi deti lomwe adzatengedwe, asabwezedwe ola pa ola pomwe lamulo likuti limodzi ndi theka kapena kawiri, ndipo osatengedwa alipidwe. Ngakhale zitatero, funsani kaye ku ofesi ya zantchito musanaipange kukhala ndondomeko ya sukulu yonse.

Pa koleji pali anthu anayi kapena asanu amene nkhani zawo zimavuta kuposa ena onse. Dalaivala ndi woyamba. Wanyamuka pa kampasi 5 koloko m'mawa ndi ophunzira aunamwino kupita ku chipatala cha Mulanje kapena Thyolo, wadikira tsiku lonse pafupi ndi basi, wabwerera 7 koloko usiku. Ofesi imakonda kunena kuti anayendetsa maola atatu okha, enawo anangokhala. Koma sakanatha kuchoka, makiyi ndi basi zinali m'manja mwake, ndipo akanaitanidwa nthawi iliyonse. Alawansi ya chakudya yomwe analandira ndi ya chakudya, si malipiro a maola. Dalaivala alinso ndi umboni womwe ena alibe: logbook ya galimoto imaonetsa nthawi yonyamuka ndi yofika, yosainidwa ndi ofesi yanu yomwe.

Wachiwiri ndi woyang'anira hositelo amene amagona pasukulu. Nyumba yomwe munamupatsa si chilolezo chomugwiritsa ntchito maola 24. Lembani maola ake a ntchito, lembani usiku womwe ali pa dyute, ndipo pakhale buku lomwe amalemba akadzutsidwa: nthawi, chifukwa, ndi nthawi yomwe wabwerera, kaya anaperekeza wodwala ku Queens kapena amathetsa ndewu. Wachitatu ndi tekinishani amene amaimbiridwa foni magetsi akazima usiku kuti akaone jenereta ndi mafiriji osungira magazi a kafukufuku. Wachinayi ndi wa makompyuta pa sabata ya kalembera, amene amayankha mauthenga a pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku chifukwa ophunzira akulephera kulowa mu sisitimu. Ntchito zoterezi sizioneka m'kaundula wa pageti, koma mauthengawo amasunga nthawi yake, ndipo munthu akadzafuna umboni adzangotsegula foni.

Aphunzitsi ndi nkhani ina. Maola awo savuta kuwerenga m'kalasi, koma kukonzekera, kuchonga ndi kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira zimachitikira kunyumba. Njira yomwe imagwira ntchito ndi kulemba katundu wa ntchito wa semesita: maola angati a m'kalasi, magulu angati, ophunzira angati owayang'anira. Zopitirira pamenepo, makamaka makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata omwe makoleji a mu Blantyre amadalira popeza ophunzira ambiri ndi apantchito, zikhale ndi mtengo wake wolembedwa semesita isanayambe. Ndipo poika fizi ya pulogalamu ya Loweruka musawerengere mphunzitsi yekha. Kalasiyo imafuna wotsegula chipinda, wa laibulale, wosesa ndi wa makompyuta, ndipo kwa ambiri mwa iwo limenelo ndi tsiku lolipidwa kawiri.

Pa alonda ndi osesa ochokera ku kampani yapadera, owalemba ntchito ndi kampaniyo, koma ikani mu mgwirizano kuti izitsata Employment Act ndipo izikuonetsani mapepala a malipiro mukafuna. Kampani yomwe yapambana tenda ndi mtengo wotsika kwambiri nthawi zambiri imaupeza pa maola a mlonda.

Chimene mayunivesite a ku America anatsala nacho makhoti atathetsa malamulo aja ndi chizolowezi cholemba maola a anthu amene kale sankalembedwa. Inu yambirani pomwepo, ndipo simukufunika makina okwera mtengo. Fomu imodzi ikwanira: dzina, deti, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza, chifukwa, mtundu wa ovataimu mwa itatu ija, siginecha ya wantchito ndi ya bwana wake. Chilolezo chiperekedwe ntchito isanayambe, kupatula pa zadzidzidzi ngati za jenereta zija, zomwe zisainidwe m'mawa wake. Mafomu afike ku akaunti deti limodzi lodziwika mwezi uliwonse, ndipo ndalamayo ituluke pa payslip pa mzere wakewake, maola ndi mtengo wake zikuoneka, itadulidwa msonkho wa PAYE ngati malipiro ena onse. Kupereka ovataimu pamanja kuchokera mu kabokosi ka ndalama zazing'ono kumakusiyani opanda umboni woti munalipira, komanso kumakuikani pa mlandu ndi MRA.

Samalani ndi lamulo la chilolezo. Cholinga chake ndi kuletsa maola osafunika, osati kukana kulipira omwe agwiridwa kale. Mkulu wa dipatimenti akaona tekinishani akutsuka magalasi 7 koloko usiku sabata yonse osamuuza kuti aweruke, kudzanena pambuyo pake kuti panalibe fomu ndi chifukwa chofooka. Lipirani, kenako mukambirane ndi mkulu wa dipatimentiyo, chifukwa vuto lili kwa iye.

Mukalemba maola kwa semesita imodzi mudzaona zinthu ziwiri zosiyana. Pali ovataimu ya nyengo, ya mayeso, kalembera ndi mwambo wa madigiri, yomwe ndi yotsika mtengo kuilipira kusiyana ndi kulemba munthu wina. Ndiye pali ovataimu ya tsiku ndi tsiku, yomwe ikungosonyeza kuti anthu ndi ochepa. Laibulale ikamatsekedwa 9 koloko usiku m'malo mwa 5, ndipo munthu yemweyo wa m'mawa ndi amene amatsala, amenewo ndi maola 88 pa mwezi. Pa mtengo wa K3,750 uja ndi K330,000, magawo atatu mwa anayi a malipiro a munthu watsopano amene akanagwira maola 176 asanatope. Pamenepa yankho ndi mashifiti: wina alowe m'mawa, wina masana. Koma kusintha maola a munthu ndi kusintha kontirakiti yake, choncho mukambirane naye, ndi bungwe la antchito ngati lilipo, ndipo asaine. Musaiwalenso mayendedwe. Woweruka 9 koloko usiku kupita ku Bangwe, Machinjiri kapena Chilomoni sapeza minibasi mosavuta, ndipo kabaza wa usiku akhoza kudya gawo lalikulu la ovataimu yomwe mwamupatsa.

Pa antchito a polojekiti ya kafukufuku ija, owalemba ntchito ndi koleji yanu ngati ndi imene inasaina makontirakiti awo. Wopereka ndalama akakana kulipira ovataimu chifukwa sinali mu bajeti, ngongoleyo siithera pomwepo, imatsala ndi inu. Polemba bajeti yotsatira ikani mzere wa ovataimu wa anamwino a kafukufuku, madalaivala ndi a mu labu, mufotokoze kuti ndi lamulo la Malawi, ndipo mutchule ndime 39. Opereka ndalama ambiri amafuna kale ma timesheet osonyeza gawo la nthawi lomwe munthu wapereka ku polojekiti. Onetsetsani kuti zimenezo zikugwirizana ndi mafomu anu a ovataimu. Odzafufuza mabuku akapeza timesheet ikuti maola 40 pomwe fomu ya sabata yomweyo ikuti 52, amakayikira zonse ziwiri.

Wantchito amene sanakhutire amayamba kudandaula mkati mwa sukulu. Zikakanika amapita ku ofesi ya zantchito ya boma, komwe ambiri amangoti ku Leba, ndipo kumeneko amaitana mbali zonse kuti agwirizanitse. Zikakanikanso nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pantchito, Industrial Relations Court, lomwe lili ndi ofesi kuno ku Blantyre. Madandaulo a ovataimu kawirikawiri sabwera munthu ali pa ntchito. Amabwera atachotsedwa kapena kontirakiti itatha, ndipo amabwera ndi kabuku kake komwe wakhala akulemba maola kwa zaka. Sukulu yopanda kaundula wake imakhala ilibe choyankha nacho. Ngati mukudziwa kuti pali maola akale omwe sanalipidwe, werengerani kuchokera ku ma logbook, makaundula a pageti ndi mataimutebulo a mayeso, mupite nazo kwa akuluakulu a koleji ndi nambala yeniyeni, ndipo mugwirizane ndi antchito za kulipira pang'onopang'ono pa chikalata chosonyeza maola, mtengo wa ola ndi madeti olipira.